Chaka Chimodzi Kunja: Zoyenera Kudziwa Mwana Asanakwere Ndege

[NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU, ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

MUULUTSI: Pulogalamu ya maphunziro iyi ndi ya omvera athu onse, kuyambira ku Luangwa Bridge, Kacholola, Nyimba, Minga mpaka ku Petauke, ndi midzi yonse ya mafumu athu a Kalindawalo, a Ndake, a Nyalugwe, a Luembe, a Mwape, a Mumbi, a Nyamphande ndi a Mwanjawanthu.   Amene mukuswa nsawa pakhonde, sendezani wailesi pafupi. Itanani mwana uja analemba Grade 12, itananinso amene ali patchuthi kuchokera ku yunivesite, chifukwa nkhani ya lero ndi yawo, komanso ndi yanu makolo.

Tikambirana za kupita kunja kwa dziko kukaphunzira kwa chaka chimodzi. Mfundo yanga ndi iyi: chaka chimenechi chimapindula mwana akalowera pa khomo loona, akapita mtima uli pa maphunziro, ndipo akabwerako ndi pepala limene dziko lathu lingalivomereze. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, banja limalira.

Kupita kunja kukaphunzira sikunayambe lero. Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, nzika zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 zokha m'dziko lonse, ndipo madigiri onsewo anali a mayunivesite akunja, popeza University of Zambia inatsegula zitseko zake mu 1966. Ena anapita ku Fort Hare ku South Africa, ena ku Makerere ku Uganda. A Simon Kapwepwe anakaphunzira ku India. A Rupiah Banda, mwana wa kuno kum'mawa amene anadzakhala pulezidenti wachinayi, anakaphunzira ku Lund m'dziko la Sweden. Mu 1978 mayi Lucy Sichone anakhala mzimayi woyamba wa ku Zambia kulandira Rhodes Scholarship yopitira ku Oxford, ndipo atabwerako anathera moyo wawo akuyimira anthu osauka pa milandu ndi kuphunzitsa nzika za ufulu wawo. A Dora Siliya, amene anakhalapo phungu wa Petauke Central, anayambira ku UNZA kenako n'kukapitiriza ku Cambridge. Onsewa anapita, anaphunzira, n'kubwerera kwawo.

Tsono makomo opitira kunja alipo atatu, ndipo lililonse lili ndi mwini wake.

Khomo loyamba ndi la amene wangomaliza Grade 12 ndipo wakhoza bwino kwambiri, makamaka masamu ndi sayansi. Maiko monga Russia, China, India, Morocco ndi Algeria amapereka malo a maphunziro ku boma lathu, ndipo amene amalengeza malowo ndi kusankha ophunzira ndi bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, kapena kuti HELSB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016 kulowa m'malo mwa Bursaries Committee yakale ija. Maphunziro ake amatenga zaka zinayi, zisanu ngakhale zisanu ndi chimodzi, koma chaka chimene chimagwetsa kapena kuimika munthu ndi choyamba, chaka cha chiyankhulo. Ku Russia mwana amayamba ndi zilembo 33 za Chirasha, zimene sanazionepo chibadwire, ndipo chaka chisanathe ayenera kulemba mayeso a masamu kapena sayansi m'chiyankhulo chomwecho. Ku China, ngati maphunziro ako ndi a m'Chitchaina, umayamba wakhoza mayeso otchedwa HSK. Ku Morocco maphunziro ambiri a sayansi amaphunzitsidwa m'Chifalansa. Amene muli ku Lusaka ndipo mukulinga za ku China, dziwani kuti ku UNZA kuli Confucius Institute yomwe imaphunzitsa Chitchaina.

Khomo lachiwiri ndi la amene ali kale pa yunivesite ya kuno, kaya ku UNZA, ku Copperbelt University, ku Mulungushi kapena kwina. Mayunivesite amagwirizana ndi anzawo akunja kuti azisinthana ophunzira kwa teremu imodzi kapena chaka chathunthu. Ku Ulaya ndondomeko yotere inayamba mu 1987 ndi dzina loti Erasmus, ndipo masiku ano, pansi pa Erasmus+, ophunzira a ku Africa nawonso amatha kupita mpaka miyezi 12 ngati yunivesite yawo ili pa mgwirizano ndi ina ya kumeneko. Sukulu ya madokotala a ziweto ya ku UNZA inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo ubale wake ndi Hokkaido University ulipobe mpaka lero. Mwayi woterewu sumabwera kukugogoderani ku hositelo. Pitani nokha ku ofesi yoona za ubale ndi maiko akunja pa yunivesite yanu, mufunse kuti ndi mayunivesite ati amene ali pa mgwirizano ndi sukulu yanu, ndiponso kuti mafomu amatuluka mwezi uti. Ndipo musananyamuke, pakhale chikalata chosainidwa ndi mayunivesite onse awiri chonena kuti makosi amene mukachite kumeneko adzawerengedwa kuno. Popanda chikalata chimenecho mungabwereko n'kuuzidwa kuti mubwereze chaka chonse, anzanu akuvala mikanjo.

Kunja sikutanthauza kutsidya kwa nyanja kokha ayi. Mu 1997 maiko a SADC anasainirana pangano la maphunziro ku Blantyre, lonena kuti wophunzira wochokera m'dziko lina la m'chigawo chino azilipira fizi ngati mwana wa m'dziko momwemo. N'chifukwa chake mayunivesite ambiri a boma ku South Africa amalipiritsa mwana wa ku Zambia fizi yofanana ndi ya nzika zawo, kungoonjezerapo kandalama ka olembetsa ochokera kunja.

Khomo lachitatu ndi la amene ali kale ndi digiri: aphunzitsi, alangizi a zaulimi, ogwira ntchito m'zipatala, m'makhonsolo ndi m'mabungwe. Ku Britain digiri ya Masters imatenga chaka chimodzi. Chevening, thandizo la boma la Britain lomwe linayamba mu 1983, limalipira fizi, tikiti ya ndege yopita ndi yobwerera, viza ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi. Limafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka zosachepera ziwiri, ndipo limamuuza kuti akamaliza abwerere kwawo kwa zaka ziwiri. Mafomu amatsegulidwa mu Ogasiti, amalembedwa pa intaneti, ndipo salipiritsa. Palinso Commonwealth Scholarships, zimene zinayamba mu 1959.

Ndiwonjezere mawu amodzi kwa amene amafunsa za CDF. Mabasale a CDF ndi othandiza ana a ku sekondale zogonera komweko ndi ophunzira ntchito zamanja m'makoleji a m'dziko muno. Musathere nsapato ku khonsolo kufunsa tikiti ya ku London.

[NYIMBO YAIFUPI]

MUULUTSI: Tabwereranso, omvera athu. Tsopano tikambe za mapepala, pakuti ana ambiri anzeru amagwera pamenepa asanafike n'komwe pa bwalo la ndege.

Makolo, usiku uno tulutsani mapepala a mwana wanu m'sutikesi, muwayale pamphasa, muyatse tochi. Ikani pamodzi reji yake, setifiketi ya Grade 12, ndi chikalata chobadwira ngati chilipo. Werengani dzina chilembo ndi chilembo. Kawirikawiri kwathu kuno mwana amalembetsa Grade 1 ndi dzina la ambuye ake amene ankamulera, reji n'kutengera dzina la atate ake, ndipo tsiku lobadwa pa pepala lina ndi la mwezi wina, pa lina la mwezi winanso. Kumudzi tonse timadziwa kuti ndi mwana mmodzi yemweyo, koma wa ku ofesi ya viza amaona anthu awiri. Kukonza zimenezi kumafuna kulumbira pamaso pa woona za malumbiro ndiponso kumatenga nthawi, choncho yambani lero.

Chachiwiri ndi pasipoti. Musadikire kuti dzina la mwana lituluke kaye pa mndandanda wa osankhidwa. Zotsatira za Grade 12 zimatuluka kumayambiriro kwa chaka, pamene maphunziro ku Russia, ku China ndi ku Britain amayamba cha mu Sepitembala. Miyezi ya pakatiyi ndiyo yotengera pasipoti, yotsimikizira zotsatira ku Examinations Council of Zambia, yodinda zala ku polisi kuti mupeze chikalata chosonyeza kuti mulibe mlandu, ndi yopimitsa m'thupi. Wopita ku Britain kwa miyezi yopitirira isanu ndi umodzi amayenera kupimidwa chifuwa chachikulu pa chipatala chovomerezeka ku Lusaka. Zambiri mwa izi zimafuna ulendo wa ku Lusaka, womwe kuchokera ku Petauke ndi makilomita pafupifupi 400. Ndalama ya basi, ya malo ogona ndi ya zithunzi masikolashipu ambiri sabweza. Banja likagulitsa soya kapena nsawa, lipatule kandalama ka maulendo amenewa. Werenganinso bwino chikalata cha sikolashipuyo, chifukwa zina zimalipira zonse, pamene zina zimalipira fizi ndi malo ogona basi, tikiti ndi chakudya n'kusiyira inu.

Chachitatu ndi chimene mudzalembe pa fomu. A Chevening ndi ena otere amafunsa kuti munatsogolerapo chiyani, ndipo mukadzabwerako mudzachita chiyani. Ana athu ambiri amabisa za kumudzi poganiza kuti n'zochititsa manyazi. Kumeneko ndiye kudzimana. Akatswiri a bungwe la CIFOR anachoka kutali kubwera kudzafufuza za nkhalango za ku Nyimba. Inu amene munakulira momwemo, amene mukudziwa mitengo imene ikutha chifukwa cha makala, amene munaona chimanga chikupserera m'munda pa chilala cha mu 2024, amene mukudziwa mmene chuku chimagwetsera mtengo wa nsawa, muli ndi nkhani imene mwana wa ku Kabulonga ku Lusaka sangalembe. Lembani za kalabu ya alimi imene munathandiza, za ana amene munkawaphunzitsa masamu kutchalitchi, ndipo lembani zoona zokhazokha.

Tsopano chenjezo. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda mauthenga akuti malo atsala ochepa, tumizani ndalama pa foni lero kuti tikusungireni. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sikolashipu yoona imalengezedwa poyera, imakhala ndi ofesi imene mungalowemo ndi miyendo yanu, ndipo siuza munthu kuti atumize ndalama pa nambala ya foni ya munthu wamba. Mu Okutobala 2024 atolankhani a Associated Press anaulula kuti atsikana a ku Africa a zaka zoyambira 18 mpaka 22, amene anakopedwa pa intaneti ndi lonjezo la maphunziro ndi ntchito ku Alabuga m'dziko la Russia, anapezeka ali m'fakitale yopanga ndege zankhondo zopanda woyendetsa. Munthu akakulonjezani maphunziro, funsani dzina la yunivesite, dzina la kosi ndi mtundu wa viza. Mukatero mukafunse ku HELSB, ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lusaka, ndi ku Zambia Qualifications Authority, ZAQA, ngati pepala la sukulu imeneyo limavomerezedwa kuno. Safunsa anadya phula.

[NYIMBO YAIFUPI]

MUULUTSI: Tiyerekeze kuti zonse zayenda bwino. Basi yaima pa Nyimba, azakhali agula phava la nthochi n'kulilowetsa pa windo, mwana wawoloka Luangwa, wafika pa Kenneth Kaunda International Airport, wauluka. Kodi chaka chimenechi chimakhala chotani?

Choyamba kumulandira ndi mphepo. Ku Moscow mwezi wa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 9 koloko, pofika 16 koloko kwada kale, ndipo madzi amaundana panja. Mwana amene anazolowera kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa mu Okutobala amadzuka kuli mdima, n'kuweruka kuli mdima. Juzi yakusalaula siikwanira. Ndalama yoyamba agulire jekete lochindikala, nsapato zotseka ndi magolovesi a komweko, foni yatsopano idikire.

Chachiwiri ndi chakudya. Ufa umene wanyamula umatha m'masabata ochepa, ndipo maiko ambiri salola kulowetsa nyama, nsomba zouma kapena mbewu, choncho funsani musanamange phukusi la kapenta ndi mfutso. Ophunzira athu amaphunzira kuphika nsima ndi ufa wa semolina pa kachitofu ka ku hositelo, mphika umodzi anthu asanu, ndiwo zake kabichi ndi mazira. Mwana wamwamuna amene sanagwirepo mthiko aphunzitseni kuphika asanapite.

Chachitatu ndi kalasi. Ife tinaleredwa kuti pamaso pa wamkulu mwana amakhala chete, maso pansi. Ndi khalidwe labwino, ndipo alisunge. Koma m'mayunivesite ambiri akunja mphunzitsi amayembekezera kuti wophunzira afunse, atsutse mwaulemu, anene maganizo ake, ndipo pa makosi ena amaperekerapo mamakisi. Chinanso, kukopera zolemba za wina popanda kutchula mwini wake ndi mlandu waukulu. Amagwiritsa ntchito makompyuta kufufuza zimenezi, ndipo wogwidwa akhoza kuchotsedwa sukulu n'kulandidwa sikolashipu.

Chachinayi ndi kupukwa. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, zachilendo zija zikatha kukoma, mtima umabwerera kumudzi. Kunyumba kukagwa maliro, iye amamvera pa foni ali yekha m'chipinda. Ena amakumana ndi tsankho chifukwa cha khungu lawo. Mwana wanga, zikafika pamenepo usadzitsekere. Funa bungwe la ophunzira a ku Zambia mumzinda umenewo, funa mpingo kapena mzikiti, pita kwa alangizi a pa yunivesite. Koma usangokhalanso pakati pa a kwanu okhaokha, chifukwa chiyankhulo chimalowa ukamacheza ndi eni dziko, pamsika, m'basi ndi pabwalo la mpira. Ukangofika, kalembetse ku ofesi ya kazembe wa Zambia. Nkhondo itabuka ku Ukraine pa 24 Febuluwale 2022, ophunzira athu anathawira kumalire a Poland, ndipo boma linawabweretsa kuno pa ndege. Pa nthawi yotere boma limayamba kufunafuna amene likudziwa kuti alipo.

Tsopano ndinene nkhani yowawa, mwaulemu wonse kwa banja lofedwa. Lemekani Nyirenda anali mnyamata wa ku Zambia amene boma linamutumiza kukaphunzira za mphamvu ya nyukiliya ku Moscow Engineering Physics Institute. Banja lake linafotokoza kuti ankagwira ganyu yopereka maphukusi, ndipo tsiku lina apolisi anapeza mankhwala ozunguza bongo m'phukusi limene anapatsidwa kuti akapereke. Mu 2020 anagamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu ndi zinayi ndi miyezi isanu ndi umodzi. Ali m'ndendemo anatengedwa ndi gulu la asilikali aganyu la Wagner, ndipo anafera kunkhondo ku Ukraine mu Sepitembala 2022 ali ndi zaka 23. Anaikidwa m'manda mu Januwale 2023 ku Rufunsa, pa msewu womwewu umene timadutsa popita ku Lusaka. Dziko linataya mwana wanzeru. Inu achinyamata, kunja musanyamule phukusi limene simukudziwa za m'kati mwake, ngakhale wokupatsaniyo akhale mnzanu wodya naye mbale imodzi. Dziwani malamulo a viza yanu pa nkhani ya ganyu. Ku Britain, mwachitsanzo, wophunzira digiri amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo maiko ena ali ndi malamulo awoawo.

Makolo, amalume, azakhali, apa ndiyankhule ndi inu. Mwana akangotumiza chithunzi ataima pa chipale chofewa, mudzi wonse umati walemera. Mafoni amayamba: feteleza, malata, fizi ya mng'ono wake, mbuzi ya pa chinkhoswe. Ndalama imene amalandira mwezi ndi mwezi anaiwerengera munthu mmodzi, kuti adye, akwere basi ndi kugula mabuku, ndipo nthawi zina imachedwa kufika. Mwana wamanyazi sanganene kuti alibe. Amayamba kujomba m'kalasi kuti akagwire ganyu usiku, amakongola, amalowa m'zinthu zimene sakanalowamo. Mukamuimbira, mufunseni ngati wadya, ngati akugona bwino, ndi kuti mayeso ali liti. Muuzeni za mvula, za ng'ombe imene yabereka, za amene wakwatiwa. Kumbukirani kuti ku Beijing nthawi ili patsogolo ndi maola asanu ndi limodzi, choncho 20 koloko yathu kwa iye ndi pakati pa usiku. Chaka chimodzi mupirire osamupempha kanthu. Mbewu sitiikumba kuti tione ngati yamera.

[NYIMBO YAIFUPI]

MUULUTSI: Gawo lomaliza ndi kubwerera. Musanachoke kumeneko tengani setifiketi yanu ndi chikalata cha mamakisi a kosi iliyonse, zodindidwa, ndipo ngati zili m'chiyankhulo china zimasuliridwe ndi womasulira wovomerezeka. Kuzitsatira muli kuno n'kovuta ndiponso n'kodula. Mukafika, pitani nazo ku ZAQA kuti azitsimikizire. Dokotala akalembetse ku Health Professions Council of Zambia, injiniya ku Engineering Institution of Zambia, mphunzitsi ku Teaching Council of Zambia. Sungani manambala ndi ma-email a aphunzitsi anu ndi anzanu a m'kalasi, chifukwa amenewo ndiwo adzakulembereni makalata a umboni ndi kukutsegulirani makomo ena m'tsogolo.

Ndipo mubwere ndi mtima wofuna kugwira ntchito kuno. Kalindawalo General Hospital ikufuna madokotala. Zipatala za Minga ndi Nyimba zikufuna anamwino ndi akatswiri a mulabu. Alimi athu akufuna wowathandiza kuteteza ng'ombe ku chigodola, wodziwa ulimi wothirira, wodziwa kusandutsa nthochi ndi nsawa kukhala katundu wokhalitsa wogulitsika kutali. Masukulu athu akufuna aphunzitsi a sayansi. Mukafika kumudzi, gwadani popereka moni monga kale, idyani nsima ndi manja, ndipo mupite ku sukulu imene munaphunzirako mukaime kutsogolo kwa ana a Grade 11 ndi 12, muwauze mmene munalembera fomu ndi kumene munaipeza.

Aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi olangiza ana, chonde zilengezo za HELSB zikatuluka zimateni pa bolodi, ndipo ana amene anamaliza kale muwatumizire uthenga kumidzi kwawo. Inu amene muli ndi intaneti pa foni, muwerengereni mwana wa mnansi wanu. Malo amenewa ndi a ana a Zambia yense, ndipo mwana wa ku Nyalugwe ali ndi ufulu wopikisana nawo chimodzimodzi ndi wa ku Lusaka.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Mafunso anu tumizani kuno ku wailesi, tidzawayankha mu pulogalamu ikubwerayi. Pakali pano, makolo, tulutsani mapepala aja muone mayina, ndipo inu achinyamata yambani za pasipoti mwezi uno. 

[NYIMBO YOTSEKERA]